Beseni la Pakhomo pa Nasale

Madzi a m'beseni lija ankafika kwa Ennie atatha kale ntchito. Ankakhala otuwa ngati otsukira mbatata, pamwamba pakuyandama mafuta odzola, tizidutswa ta zakudya, nthawi zina ndi tsitsi lomwe. Iye ankaviikamo nsonga za zala akuyang'ana kumbali, atagwira mpweya.

Besenilo linali lofiira, lapulasitiki, ndipo linkakhala pansi, pakhomo la chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, chimene aliyense pachipatalapo ankachitcha kuti nasale. Mipopi ya m'chipindamo inali itauma chiyambire Okutobala. Munthu akaitsegula inkangolira ngati wodwala mphumu, kenako zii. Choncho agadiyani, amayi amene ankagona kukhitchini ya panja podikirira odwala awo, anagwirizana zothandizapo. Wina anabwereketsa beseni, wina anang'amba chitenje chakale n'kuchikoloweka pa msomali kuti chikhale chopukutira. Nthawi yodyetsa ana ikakwana ankathiramo madzi a pachitsime cha kuseri, onse n'kusamba m'manja monga amachitira kwawo: akuluakulu poyamba, achichepere pambuyo.

Ennie anali wamng'ono pa onse. Analinso mtengwa, ndipo apongozi ake, anaJere, anali pomwepo. Sakanayerekeza kuviika dzanja m'madzi iwo asanatero.

Mwana wake anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, pa opareshoni. Mwamuna wake Enerst anali kondakitala wa minibasi, sakanatha kusiya ntchito. Anatumiza uthenga ku Ntcheu, ndipo anaJere anafika m'mawa mwake ndi thumba la ufa pamutu, miphika iwiri m'manja. Chifikire sanakhale pansi. Ankamudzutsa Ennie pabedi, kumusambitsa, kumuchapira nsalu zamagazi popanda kukwinya mphuno. Akamaliza ankathandizanso anthu osawadziwa. Mayi amene analibe gadiyani ankamutayira za m'chikho chokodzera. Wina ankamuchapira matewera. Wodi yonse inkawatchula kuti amayi athu.

"Sambani, apongozi," ankatero anaJere akamaliza iwo, akumupatsa chopukutira chija.

Chopukutiracho sichinkauma. Chinkazizira m'manja ngati chinthu chakufa, fungo lake ngati chiguduli cha pa butchala. Ennie ankachikhudza pang'ono chabe, n'kupukutira manjawo pa diresi apongozi akatembenuka.

Kutsogolo kwake pamzerewo kunkakhala Salama, mayi wa ku Mgona wogulitsa zitumbuwa, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale anali ndi bala ngati la Ennie.

"Achemwali," ankanong'ona, "madzi awa kungothiramo mchere ndi tomato, ndiwo zapsa."

Ennie ankaseka atagwira pamimba kuopa kuti ulusi ungaduke.

M'nasalemo munkatentha ngati mu uvuni. Munkanunkha mkaka wosasa ndi mankhwala okolopera. Mphemvu zinkakonda kutenthako, zinkatuluka kuseri kwa mahita masana omwe n'kumayenda m'mphepete mwa timabedi. Timabedito tinali tochepa, choncho makanda ankagona awiriawiri. Kamtsikana ka Ennie kankagona ndi kamnyamata ka Salama, mutu uku wina uku. Onse awiri anali ndi kapaipi m'mphuno kolowetsera mkaka, ndi kapaipi kena ka diripi kolowa mumtsempha pa dzanja, komatidwa ndi pulasitala. Dzanja lonse la mwana wa Ennie linali ngati chala chake chachikulu.

"Mwana wanga ndi dolo," ankatero Salama akufinyira mkaka m'kapu. "Wapeza mkazi asanatsegule ndi maso omwe. Atengera bambo ake ameneyu."

Mwana wa Ennie analibe dzina. AnaJere anati dzina lidikire mchombo ugwe, ndipo ndi iwo amene adzatchule.

Woyamba kutisiya anali mwana wa pakona, pafupi ndi zenera. Anangosiya kulandira mkaka, mimba n'kufufuma, khungu n'kutuwa. Anthu anati anali wofooka kale. Kenako wa bedi lotsatira anachita chimodzimodzi. Sabata isanathe, m'mawa wina, Salama anafinya mkaka wake n'kuuthira m'kapaipi ka mwana wake, mkakawo n'kubwerera wobiriwira. Pamene panalowa diripi panali patafiira, patatupa. Anamwino anamuchotsa mwanayo pabedi lija n'kumubaya majakisoni, koma tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu anamufunditsa nsalu kumutu komwe.

Salama sanalire. Khanda lotere sililiridwa mokweza, ndipo amakaika ndi amayi okhaokha. Achemwali ake, amene anali gadiyani wake, analikulunga m'chitenje n'kulibereka kumbuyo ngati lamoyo kuti akwere nalo minibasi popanda mafunso. Salama anatola kapu yake ndi thumba lake. Pa bulauzi pake panali patanyowa mawanga awiri a mkaka. Podutsa pa bedi la Ennie anaima.

"Mkazi wa mwana wanga mumusamale," anatero, osaseka.

Masana a tsikulo Sisitala Pamela, mkulu wa anamwino a m'nasale, anaitanitsa amayi onse ndi agadiyani awo pakhonde. Anali mayi wamfupi wa mawu amphamvu, maso ake ofiira ndi tulo. Anaima pafupi ndi beseni lija, n'kulikankha ndi nsapato.

"Magazi a ana amene atisiyawa tinawatumiza kukayezetsa," anatero. "Mwa onse mwapezeka tizilombo ta mtundu umodzi. Si tachilendo ayi. Timakhala m'mimba mwa munthu aliyense, timatuluka ndi chimbudzi. M'mimba mwa ine ndi inu sitivuta. Koma tikalowa m'magazi mwa khanda, khandalo silichedwa."

"Nanga za m'chimbudzi zingafike bwanji m'magazi mwa mwana?" anafunsa gadiyani wina.

"Pa manja, amayi. Kapaipi ka diripi kaja ndi khomo lolowera mumtsempha. Dzanja lachokera kuchimbudzi, kapena kochapa matewera, lasamba umu." Analoza beseni. "Lotsatira lasamba momwemo. Onse apukutira chiguduli chimodzi. Mukalowa mukugwira mwana, mukukonza kadzanja kake. Ifenso tili ndi mbali yathu, sindibisa. Timachoka pa mwana uyu kupita pa uyo mipopi ili youma, ndipo botolo limodzi la madzi otsukira timapaipi timatungamo onse. Zimenezo tasiya lero. Inunso beseni ili lithe lero."

Analamula kuti pakhomopo paikidwe ndowa ya mpopi ndi sopo. Aliyense asambe madzi oyenda, manja aume okha. Olowa m'nasale akhale amayi a ana basi. Pulasitala asaigwire munthu, ngakhale ide bwanji.

Ennie sanamve zotsalazo. Ankangoona madzi otuwa aja, ndi zala zake zikulowamo, kenako zala zomwezo zikufinya bere, zikusisita kadzanja ka mwana wake. M'kamwa munadzaza malovu owawa. Anathamangira kuseri kwa khonde atagwira bala, n'kusanza phala lonse la m'mawa.

Kukhitchini kunali phokoso madzulo amenewo. Agadiyani anakwiya kwabasi.

"Ndiye kuti ife ndife auve? Ife tabereka ana mpaka kuona zidzukulu, kamtsikana aka kadzatiphunzitse kusamba m'manja?"

"Akuti tikudyetsa ana manyi. Mwamva inu?"

AnaJere sanalowerere phokosolo. Anabwera ku wodi ndi tiyi, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi la Ennie, miyendo atatambasula. Anayankhula motsitsa mawu, osamuyang'ana kumaso, monga mwa ulemu wa pachipongozi.

"Apongozi, inu ndinu mwana, zinthu izi simuzidziwa. Khanda lisanatengedwe kumphasa siligwidwa ndi munthu wotentha, munthu amene akugona ndi mwamuna. Likagwidwa limatupa, limatuwa, limapita. Si zimene mwaonazi? Tsono taonani anamwino aja. Onse ndi atsikana, ali ndi mphete pa zala. Akuchokera kumphasa kwa amuna awo m'mawa n'kudzagwira ana a eni. Ana akutsemphedwa awa. Ndiye akuthamangitsa ife, anthu ozizira."

Anatambasula manja awo pa maondo. Anali manja akuluakulu, ong'ambika ndi khasu.

"Ine chimwalirire bambo a Enerst sindinadziwe mwamuna. M'chipatala chonse chino mulibe manja oyera kuposa awa."

Ennie anayang'ana zikhadabo zawo. M'kati mwake munali mizere yakuda. Anayang'ananso tiyi amene manja omwewo anamuphikira, ndipo anachita manyazi ndi zimene mtima wake unkaganiza.

"Ndamva, amayi," anayankha.

Kwa masiku angapo lamulo linagwira ntchito. Mlonda ankadzaza ndowa m'mawa ndi masana. Ennie ankasamba mpaka m'zigongono, kupaka sopo pakati pa zala, kenako kulowa manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, chitseko akukankha ndi phewa. Mwana wake tsopano ankagona yekha. Tsiku lililonse Ennie ankayamba wayang'ana mimba yake, kenako khungu la m'mphepete mwa pulasitala. AnaJere ankaima panja pa zenera, chipumi atagunditsa pa galasi, akuyang'ana namwino aliyense amene wayandikira mdzukulu wawo ngati akuona galu akununkhiza mphika.

Linafika Lamulungu. Sisitala Pamela anali kopuma. Mlonda wa tsikulo sanauzidwe za ndowa. Masana, amayi a mvano atavala zoyera anadzaza khonde la wodi akuimba nyimbo zotonthoza odwala, ndipo namwino yekhayo amene anali m'nasale anaitanidwa mothamanga kochirira, kumene mayi wina ankataya magazi. Nthawi yodyetsa ana inakwana. Amayi anafika pakhomo n'kutsegula kampopi ka ndowa. Munatuluka madontho ochepa, basi.

Anadikira. M'kati makanda anayamba kulira, timawu tawo ngati ta ana amphaka.

"Ndiye ana afe ndi njala chifukwa cha ndowa?" anatero gadiyani wina. "Tadikirani."

Posachedwa anabwera atanyamula beseni lofiira lija, madzi akukhavukira m'mbali. Ennie analizindikira bwino. M'mawa womwewo, popita kubafa, analiona kuseri kwa khitchini muli matewera onyikidwa, ntchentche zikuzungulira pamwamba. Linali litangotsukuluzidwa. M'mphepete mwake munali mzere wachikasu.

Agadiyani anasamba, mmodzimmodzi, mosangalala ngati anthu amene abwezeredwa malo awo. AnaJere anasamba, n'kupukutira manja pa chitenje chimene anavala.

"Sambani, apongozi."

Anthu onse anali pomwepo, amayi a mvano akuyang'ana. Ennie anafuna kunena kuti adikira namwino, koma anaopa maso a anthuwo. Anawerama n'kuviika manja. Madziwo anali ofunda, oterera. Mumtima anadziuza kuti alowa kukangoona, sakhudza kanthu kufikira atapeza sopo.

AnaJere anali atalowa kale.

Anawapeza ataweramira pa kabedi, nkhope yawo itafewa. Aka kanali koyamba kuyandikira mdzukulu wawo chiperekere lamulo lija.

"Mayo, gogo wanga," ankatero. "Akuzunza anthu awa. Ndabwera, ndabwera. Ndikugwire ine moto wawowo uchoke."

Kenako maso awo anagwera pa dzanja la diripi. Pulasitala inali itada. M'mphepete mwake munali magazi ouma, ndi mkaka umene unadontherapo n'kuuma. AnaJere anatsonya.

"Taonani uve wa anthu ophunzirawa. Mwana angachire ndi litsiro ili?"

Anagwira nsonga ya chitenje chawo n'kuikulunga pa chala, monga amachitira mayi aliyense akaona mwana ali ndi mamina ouma patsaya popita kutchalitchi. Chinali chitenje chimene ankapukutira thukuta, chimene ankaphulira miphika, chimene ankaminira. Anaika chalacho m'kamwa. Pochitulutsa, nsaluyo inali yakuda ndi malovu, kaulusi ka malovuwo kakulendewera kuchokera pamlomo. Anatsitsira chalacho pa kadzanja kaja.

Ennie sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa timabedi. Anangomva china chikung'ambika pansi pa mchombo wake, ndipo dzanja lake linali litagwira mkono wa apongozi ake, molimba, ngati wogwira wakuba pamsika.

Ndi makanda okha amene ankalira.

"Apongozi," anatero anaJere pang'onopang'ono, "mwandigwira?"

"Musamukhudze, amayi."

"Ndikuchotsa litsiro ili."

"Musamukhudze."

"Mdzukulu wanga? Magazi a mwana wanga? Tandisiyani." Anayesa kukoka mkono. Ennie sanasiye. Ankamva fungo la utsi ndi thukuta la m'chitenjecho, ankaona malovu aja akunyezimira pafupi ndi pulasitala.

"Manja anu ndi auve, amayi," anatero. Mawuwo anatuluka okweza kuposa mmene ankafunira. "Mwachapa matewera a eni, mwataya mikodzo ya eni, mwasamba m'beseni la manyi. Malovu anuwo akalowa apo mwana afa. Angawanso ndi auve, taonani, sindikumugwira. Tulukani. Chonde tulukani."

Pakhomo wina anati, "Mayo ine!" Wina anaomba m'manja kamodzi, modabwa. "Ana a m'tauni awa. Kunena apongozi ake choncho?"

AnaJere anamuyang'ana kumaso, koyamba chikwatiwire. Ennie atamasula zala zake, iwo anakonza chitenje chawo n'kutuluka, anthu akuwapatukira.

Namwino uja anafika akuthamanga, magulovu ali ndi magazi. Ataona beseni ndi chigulu cha anthu m'nasale anakuwa mpaka amayi a mvano anasiya kuimba. Anathamangitsa onse, n'kutuma munthu kukatunga madzi a m'ndowa. Ennie anatsala ataima pamene anali, manja atawatalikitsa ndi thupi lake.

"Nsalu ija yakhudza m'mphepete," anatero. "Pang'ono. Sindikudziwa ngati yafika pa kapaipi."

Namwinoyo anasamba, n'kuvala magulovu ena. Anamatula pulasitala, anazula kapaipi, anapukuta kadzanjako ndi sipiriti. Kenako anayamba kufufuza mtsempha wina kuphazi. Anabaya, anaphonya, anabayanso. Mwana analira mpaka mawu anatha, kukamwa kokha kuli yasa. Ennie anayang'ana zonsezo osaphethira.

"Nanga inu mayi, diresi lanulo?" anatero namwino atamaliza.

Ennie anayang'ana pansi. Magazi anali atatulukira pa nsalu, akutsikira kumwendo. Anamusokanso madzulo omwewo. Pobwerera ku wodi anapeza pansi pa bedi pake palibe mphasa ya anaJere. Miphika inali itapita. Anamusiyira thumba la ufa ndi kapu.

Enerst anafika mawa lake masana, akununkha dizilo, buledi ali m'khwapa. Sanakhale pansi.

"Iwe, wawauza chiyani masteni?"

"Ankafuna kupukuta diripi ndi malovu."

"Ndikufunsa zimene wanena. Akuti wawanena kuti ndi auve, pagulu, amvano akumva. Shuwa?"

"Ndanena manja."

"Manjawo ndi a ndani? A mlonda?" Anaponya buledi pabedi. "Manja omwewo ndi amene akhala akukuchapira magazi ako, Ennie. Ine sindikanatha. Amayi ako omwe sanabwere. Usiku wonse akhala akulira kunyumba, munthu wamkulu ngati uja."

Ennie anayang'ana buledi. Zimene ananena Enerst zinali zoona, ndipo zinamupweteka kuposa ulusi watsopano uja.

"Mwana wa Salama anamuberekera kumbuyo atafa," anatero. "Ankagona bedi limodzi ndi wako."

Enerst anapita kukaima pa zenera la nasale nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Pochoka anangoti, "Ukapepese," ndipo anathamangira minibasi yake.

Kuyambira tsikulo Ennie anakhala wopanda gadiyani. Kukhitchini amayi ankasiya kuyankhula akamuona. Amene kale ankamupatsa moni ankasuntha miphika yawo kuti asagundane naye, ngati wauve ndi iye. Nsalu zake ankachapa yekha, atagwada chifukwa kuwerama kunkakoka bala. Magazi ouma ankanunkha chitsulo chadzimbiri, ankalowa m'zikhadabo. Tsiku loyamba anasanza pamwala wochapirapo. Anakumbukira kuti anaJere ankachapa zomwezo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Sisitala Pamela atabwera Lolemba anatenga beseni lija n'kuliboola pansi ndi mpeni anthu akuona. Anauzanso Ennie kuti ngati tizilombo talowa, tidzaoneka m'masiku ochepa. Anamuuza zoyang'ana: mwana akasiya kulandira mkaka, akazizira, akafufuma mimba, akamaiwala kupuma.

Ennie ankadziwa kale zonsezo. Anaziona pa mwana wa Salama. Ankafika pakhomo la nasale nthawi isanakwane, n'kukhala womaliza kutuluka. Akathira mkaka m'kapaipi ankayang'anitsitsa ngati ubwerere. Tsiku lina mwana anageya, kamkaka n'kutuluka pakamwa, ndipo Ennie anaitana namwino mwamantha. Namwino anabwera, anayang'ana, n'kuseka.

"Ndi woyera uwu, mayi. Wangokhuta."

Khanda lina, la mayi wa ku Chinsapo, linadwala sabata imeneyo. Palibe anadziwa ngati chinali chifukwa cha Lamulungu lija kapena linali nato kale tizilomboto. Linalimbana masiku angapo ndi majakisoni, n'kupulumuka, ngakhale linatsala lowonda ngati kamtengo. Pambuyo pake sipanadwalenso wina.

Mchombo wa mwana wa Ennie unagwa. Panalibe womutchula dzina, ndipo pa kabedi pake panapitiriza kulembedwa dzina la mayi ake. Kenako anamwino anachotsa diripi ya kuphazi, patangotsala kachipsera ngati polumidwa ndi udzudzu. Kenako anachotsa kapaipi ka m'mphuno, mwana atayamba kukoka bere yekha, pang'onopang'ono, akupumira. Sisitala Pamela anaphunzitsa Ennie kumumangirira pachifuwa, khungu kukhudza khungu, pakati pa mabere, chitenje n'kuzunguliza, bulauzi pamwamba.

"Azikhala momwemo usana ndi usiku mpaka atalemera," anatero. "Kunyumba kudzabwera anthu ofuna kumunyamula. Muziti Sisitala analetsa. Dzina langa ligwiritseni ntchito, ndazolowera kudedwa."

Ennie anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa. Enerst anabwera kudzamutenga. Anatsika minibasi pa msika wa Kawale n'kuyenda pang'onopang'ono m'tinjira ta matope, iye patsogolo ndi thumba, Ennie pambuyo atafungatira chifuwa chake. M'ngalande munali mutadzaza zinyalala zimene madzi anakokolola, mapepala a shuga, zitsononkho za chimanga, khoswe wakufa wotupa. Ennie ankaponda mosamala.

Ankaganiza kuti anaJere anabwerera ku Ntcheu. Enerst sananene kanthu za iwo njira yonse. Koma atakhota pa mpanda wa landilodi anawaona atakhala pakhonde, pa mphasa yawo ija, thumba lawo lomangamanga lili pambali. Pabwalo panali posesedwa bwino. Pa chingwe panali matewera atsopano, ochapidwa, oyera mbee.

Ennie anagwada pamatope, patali pang'ono, dzanja limodzi litachirikiza mwana.

"Tabwera, amayi."

AnaJere anayang'ana mwana wawo Enerst.

"Enerst, afunse ngati akuyamwa."

"Akuyamwa, amayi," anatero Ennie.

"Afunse ngati mchombo unagwa bwino."

"Unagwa bwino."

Kamutu ka mwana kankaonekera pa khosi la bulauzi, katavala kachipewa ka ulusi. AnaJere anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako, ngati manjawo achita okha, anawatambasula onse awiri kuti alandire.

Enerst anayang'ana mkazi wake. Ennie anamva mtima wa mwana ukugunda pa khungu lake, mofulumira ngati wa kambalame. Anayang'ana manja otambasulidwawo, ndipo kunyansidwa kuja kunabweranso, pamodzi ndi manyazi.

"Sisitala analetsa kumumasula, amayi," anatero. "Mpaka alemere. Pepani pa mawu amene ndinanena. Koma sindimumasula."

Manjawo anakhala m'malere kanthawi. Kenako anaJere anawabweza, anawayang'ana kuseri ndi kuno, n'kuwalowetsa pansi pa chitenje chawo.

"Enerst," anatero, "basi ya ku Ntcheu ndiipeza?"

"Amayi, mwangomuona kumene mwana. Gonani, mupita mawa."

"Ndamuona. Ali moyo. Nyamula thumbalo."

Anadzuka, anapinda mphasa yawo. Podutsa pafupi ndi Ennie anaima, anawerama manja ali kumbuyo, n'kusuzumira kankhope kaja kamene kanali m'tulo.

"Ndi Thokozire ameneyu," anatero, akuuza mwanayo.

Anatuluka pa geti, Enerst akuwatsatira ndi thumba. Ennie anakhalabe chogwada mpaka matope anamulowa m'chitenje. Mwana atayamba kufunafuna bere, anadzuka movutika n'kulowa m'nyumba.